Ndinavomera draw ndili ndi pawn yoposa. Kodi ndinataya masewero opambana?

"Aphunzitsi, ndine mnyamata wa ku Chilomoni ndipo chess ndayisewera zaka zitatu. Mwezi watha ndinalowa mpikisano wa masiku awiri konkuno ku Blantyre, wa ndime 6, aliyense mphindi 60 ndi masekondi 30 owonjezera pa kusuntha kulikonse. M'ndime yachisanu ndinagwira zoyera, ndili ndi mapointi 3, ndipo ndinakumana ndi bambo wina amene rating yake (nambala yosonyeza mphamvu ya wosewera) imaposa yanga ndi pafupifupi 200. Kumapeto ndinatsala ndi mfumu pa g2, rook pa b7 ndi ma pawn anayi pa e3, f2, g3 ndi h3. Iwo anali ndi mfumu pa g7, rook pa a2 ndi ma pawn atatu pa f7, g6 ndi h5. Ine zinanditsalira mphindi 7, iwo zoposa 20. Anandipempha draw (kufanana mphamvu) wotchi yanga ikuyenda, ndinakana. Titasuntha kasanu anapemphanso, ndipo ndinangopereka mkono. Nditafika kunyumba pulogalamu ya pafoni inaonetsa kuti ndinali patsogolo, ndipo anzanga akuti ndinachita mantha. Kodi ndinataya masewero opambana? Kodi n'zololedwa kumangopempha draw chonchi? Nanga ndikanatha kusintha maganizo nditapereka kale mkono?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Mathero amene mwalongosolawa ndi odziwika bwino kwa aliyense amene anaphunzirako za ma rook, ndipo onse awiri akasewera molondola, mapeto ake ndi kufanana mphamvu. Simunataye chipambano chimene chinali kale m'thumba. Komabe sindikubisirani maganizo anga: munayenera kupitiriza kusewera. Pa bolodi imeneyo munthu amene anali pa chiopsezo choluza anali mmodzi, ndipo sanali inu. Za mantha zimene akunena anzanuzo sindikugwirizana nazo. Kawirikawiri munthu amavomera draw pa malo oterewa chifukwa sakudziwa choti achite ndi pawn yoposayo, ndipo kusadziwa kumachizika ndi kukhala pansi masana awiri kapena atatu.

Tiyambe ndi bolodiyo. Pawn yoposa imakhala ndi mphamvu ikakhala kutali ndi zinzake, chifukwa imakoka mfumu kapena rook ya mdani kuti isiye kulondera kwawo. Yanu inali pa mzere wa e, pakhomo penipeni pa mfumu yawo. Mfumu ya pa g7 ikungofunika kuyenda kawiri kuti ikaime kutsogolo kwake. Ndiye onani mmene bambowo anaikira ma pawn awo: f7, g6, h5. Sizinangochitika. Ameneyu ndiye mpanda umene aphunzitsi onse amaphunzitsa wodziteteza, ndipo mwini nkhani ndi pawn ya pa h5. Mukakankha g4, iyo imadya, inu n'kubwezera ndi ya pa h3, ndipo pa bolodi patsala atatu kwa awiri. Kudyerana kulikonse kwa ma pawn kumakomera wodziteteza, chifukwa akamachepa mumafika pa rook ndi pawn imodzi kulimbana ndi rook, mfumu yake ili kutsogolo kwa pawn, ndipo pamenepo pali njira yodziwika yogwirira draw. Ikanakhala kuti pawn yawoyo ikadali pa h7 kapena h6, inu n'kuyambirira kuika yanu pa g4, nkhani ikanakhala ina. Capablanca, yemwe anakhalapo katswiri wa dziko lonse, anagonjetsa Yates pa mpikisano wa ku Hastings ku England wa 1930/31 m'mathero a mtundu womwewu, atatsekereza pawn ya pa h mwa njira imeneyi.

Koma draw ya m'buku ndi ina, draw ya pa bolodi ndi inanso. Mu 2000 Jeroen Piket wa ku Netherlands anagonjetsa Garry Kasparov pa intaneti m'mathero omwewa, anayi kwa atatu, Kasparov ali ndi mpanda uja wa f7, g6 ndi h5. Nthawi imeneyo Kasparov anali nambala wani pa dziko lonse. Ngati iye anaterereka, wosewera wa pa mpikisano wa kumapeto kwa sabata, amene wakhala pa mpando kuyambira m'mawa, angathe kutererekanso. Wodziteteza amayenera kupeza yankho lolondola ka 30 kapena ka 40 motsatizana, pamene inu mukungofunsa mafunso.

Mafunsowo amafunsidwa chonchi. Poyamba h4, kuti pawn yawo ya pa h5 iime pomwepo. Pawn ya pa f2 simungayisunthe mfumu ili pa g2, chifukwa rook ya pa a2 ikuyang'ana mfumuyo kudzera mwa iyo, choncho mfumu ndiyo iyambe kutuluka: ipite pa f3, mukankhe e4, mfumu pa e3, kenako f3, kenako mfumu pa f4. Rook yanu ikhale pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Ubwino wake ndi wakuti mfumu yawo ikakhala pa g7, pawn ya pa f7 imakhala yomangika, moti mukafikitsa pawn yanu pa e5 kenako e6, iwo sangayidye. Akapanda kuona zimenezi msanga, f7 imagwa ndipo masewero atha. Yankho lawo ndi kuika rook kumbuyo kwa pawn yanu pa mzere wa e, kapena pa mzere wachisanu ndi chimodzi kuti ilondere e6, kapenanso kumavutitsa mfumu yanu ndi macheki ochokera m'mbali n'kumaluma g3 mfumuyo ikatalikira. Wodziwa amapeza zimenezi. Wosadziwa amangoyendetsa rook uku ndi uku mpaka e6 itamugwera. Ndipo akalakwitsa n'kulola kuti ma rook adyerane, mathero a mafumu ndi ma pawn anayi kwa atatu nthawi zambiri amapambana ndi amene ali ndi anayi.

Pali msampha umodzi umene muyenera kuudziwa musanayese njira imeneyi, chifukwa ndi pokhapo pamene mungaluze mwadzidzidzi. Mfumu yanu ikafika pa g5, ma pawn anu ali pa f4 ndi h4, rook yanu itachoka pa mzere wachisanu ndi chiwiri n'kupita pomwe singadye pa f6, ndipo pawn ya e isanafike pa e5, zakuda zimangokankha f6 ndipo ndi checkmate. Ikani zida pa bolodi muone nokha: h6, g6 ndi f6 akulondera ndi mfumu ya pa g7, f5 ndi h5 akulondera ndi pawn ya pa g6, g4 akulondera ndi ya pa h5, ndipo f4 ndi h4 mwatseka ndi ana anu omwe. Choncho e5 iyambe, mfumu pa g5 pambuyo. Kupatula zimenezi, chotsala n'kungosamala kuti mfumu ndi rook zanu zisaime pa mzere umodzi pomwe cheki ingadutse mfumu n'kukadya rook.

Tsopano wotchi, chifukwa ndikuganiza kuti ndiyo inakugwirani mkono kuposa bolodi. Mphindi 7 ndi masekondi 30 owonjezera si nthawi yochepa m'mathero oterewa. Mukamasuntha m'masekondi 20, wotchi imakusungirani masekondi 10 ulendo uliwonse, ndipo mukasuntha ka 12 mwapeza mphindi 2 zatsopano. Kuyendetsa mfumu kuchoka pa g2 kukafika pa f4 sikufuna kuganiza kwambiri. Nthawi imene mwasungayo mumaigwiritsa ntchito pa malo awiri kapena atatu okha, pamene mukukankha pawn imene singabwerere. Ambiri amene anazolowera masewero opanda masekondi owonjezera amaona manambala akutsika pansi pa 10 mtima n'kuyamba kuthamanga, osakumbukira kuti wotchi iyi ikubweza. Chimene muyenera kukumbukira n'chakuti pa masekondi 30 owonjezera lamulo limafuna kuti mulembe kusuntha kulikonse mpaka kumapeto, ngakhale mutatsala ndi mphindi imodzi. Kusiya kulemba kumaloledwa pokhapokha ngati mwatsala ndi mphindi zosakwana 5 ndipo masekondi owonjezera ndi ochepera 30 kapena palibe.

Za pafonizo musadandaule nazo kwambiri. Pulogalamu ikaona pawn yoposa imaonetsa nambala yokomera inu, koma nambala yaing'ono si chigamulo chakuti mwapambana. Njira yoyesera ndi iyi: isiyeni isewere mbali zonse ziwiri ka 20 kapena ka 30. Nambala ikamakwera, chipambano chinalipo. Ikangoima pamodzimodzi kapena kumatsika pamene zida zikuzungulira malo omwewo, ndiye kuti nayo yasowa khomo. Zida zikatsala 7 kapena kucheperapo, kuwerengera mafumu omwe, makompyuta anawerengera kale mathero onse mpaka kumapeto, ndipo pa webusayiti ya chess ya Lichess mungaone yankho lenileni kwaulere. Anu anali ndi zida 11, choncho yankho lotero limabwera pokhapokha mutadyerana kangapo. Foniyo ndi ya kunyumba kapena kunja masewero atatha. Kupezeka nayo m'thumba masewero ali mkati kungakuluzitseni ngakhale simunayigwire.

Funso lanu lachiwiri lili ndi yankho lomveka m'malamulo a FIDE (bungwe loyang'anira chess pa dziko lonse), omwenso mipikisano ya pansi pa Chess Association of Malawi imatsata. Wopempha draw amayenera kusuntha kaye chida chake, kenako kunena pempho lake, kenako kudina wotchi. Mnzakeyo amaganizira pempholo pa nthawi yake. Pempho lonenedwa pa nthawi ina, monga anachitira bambowo wotchi yanu ikuyenda, limagwirabe ntchito ndipo mukhoza kulivomera, koma lingathe kuwerengedwa ngati kusokoneza mnzako. Malamulo amatchula mwachindunji kuti kupempha draw mosayenera ndi njira imodzi yosokonezera. Kupempha kawiri sikuti n'kulakwa kwakukulu, koma mwambo wa masewerowa ndi wakuti ukakanidwa umadikira mpaka zinthu zitasintha kwenikweni pa bolodi, kapena mpaka mnzakoyo apemphe yekha. Akapitiriza, simukangana naye. Mumaimitsa wotchi, n'kukweza mkono, arbiter (woweruza masewero) n'kubwera. Kawirikawiri amayamba ndi chenjezo, ndipo ali ndi mphamvu yokuwonjezerani nthawi kapena kumuchotsera winayo.

Pali zinthu zitatu zokhudza pempho zimene osewera ambiri sazidziwa, ndipo zonse zikanakuthandizani. Pempho silibwezedwa: akangonena, limakhalapo mpaka mutavomera, mutakana ndi pakamwa, kapena mutagwira chida kuti musunthe. Ndiye kuti mukanatha kukhala mphindi zitatu mukuyang'ana bolodi, draw ili m'manja, osathamangira kupereka mkono. Chachiwiri, munthu akapempha pa nthawi yake asanasunthe, muli ndi ufulu womuuza kuti asunthe kaye muone, ndipo pempholo limakhalabe lamoyo ngakhale kusunthako kutakhala kwabwino kapena koipa. Chachitatu, pempho lililonse limalembedwa pa pepala ndi chizindikiro cha = pafupi ndi kusunthako, ndipo nonse awiri mumalemba. Mukadzadandaula kwa arbiter kuti akukuvutitsani, umboni wake ndi umenewo.

Ndikudziwanso kuti pali china chimene malamulo sanena. Kwathu kuno munthu wamkulu akakupempha chinthu kawiri, kukana kumamveka ngati mwano, ndipo achinyamata ambiri amavomera draw chifukwa cha ulemu. Pa bolodi kukana si chipongwe. Mungoti, "Tipitirize pang'ono, bambo," kapena, "Ndiganize kaye," kapenanso kungosuntha chida mwakachetechete, pakuti kusunthako ndi yankho lokwanira. Wosewera wachikulire weniweni sakhumudwa nazo. Ndipo dzifunseni nthawi zonse kuti n'chifukwa chiyani akupempha. Munthu amene amakuposani ndi 200 sagawana pointi ndi inu chifukwa chokukondani. Akapempha, ndiye kuti pali chimene akuchiona ndipo sichikumusangalatsa. Pempho la wosewera wamphamvu likhale ngati belu lokuuzani kuti muyang'anenso bolodi.

Pa funso lachitatu yankho ndi lalifupi: ayi. Mukangogwirizana, masewero atha pomwepo. Kenako nonse mumasayina mapepala onse awiri, ndipo zotsatira zimene mwasayinira zimakhala zomwezo ngakhale zitalembedwa molakwika, pokhapokha arbiter atagamula mwina. N'chifukwa chake musanapereke mkono muzinena mawu akuti draw momveka, winayo n'kuyankha, ndipo muziwerenga zimene zalembedwa musanasayine. Mikangano yambiri imayamba pamene wina akupereka mkono poganiza kuti ndi draw, mnzake akuganiza kuti wagonja.

Nanga theka la pointi limene munapezalo ndi lolemera bwanji? Ife tinakulira pa mpira, ndipo maganizo athu pa kufanana mphamvu amachokera kumeneko. Bullets ndi Wanderers zikalepherana pa Kamuzu Stadium, timu iliyonse imatenga pointi imodzi mwa zitatu, ndipo ochemerera amabwerera kwawo akudandaula kuti ataya ziwiri. Mu chess kupambana ndi 1, draw ndi theka, kuluza ndi 0, choncho ma draw awiri ndi ofanana ndendende ndi kupambana kamodzi n'kuluza kamodzi. Pa rating munapindula. Wochepa ndi 200 amayembekezeka kupeza 0.24 pa masewero amodzi, inu munapeza 0.5, kusiyana kwake ndi 0.26. Ngati mpikisanowo unali wowerengedwa ndi FIDE, nambala imeneyi amaichulukitsa ndi 20 kwa osewera ambiri, kapena ndi 40 kwa amene sanakwanitse masewero 30 owerengedwa ndiponso kwa ana osakwana zaka 18 amene rating yawo ili pansi pa 2300. Ndiye kuti munakwera ndi 5 kapena 10. Pa mndandanda wa mpikisano ndiye pamene munalipira: ndi mapointi atatu ndi theka, pamwamba penipeni pamene mukanafika ndi anayi ndi theka, pomwe kupambana kukanakutsegulirani njira ya 5. M'mipikisano ya ndime 6 theka limeneli nthawi zambiri ndilo limalekanitsa olandira mphotho ndi owombera m'manja.

Sindikunena kuti draw izikanidwa nthawi zonse. Mu 2018 ku London, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana anafanana mphamvu m'masewero onse 12 olimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndipo m'masewero omaliza Carlsen anapempha draw zinthu zikumukomera, chifukwa ankadalira masewero achangu olekanitsa, amene anapambanadi 3–0. Anawerengera, n'kusankha. Inunso vomerani ngati theka likukwanira kukupatsani malo amene mukufuna m'ndime yomaliza, ngati malo anu pa bolodi ndi oipa, ngati pa masewero a matimu theka lanulo likupambanitsa timu, kapena ngati mwatsala ndi masekondi pa wotchi yosabweza ndipo bolodi ikadali yodzaza. Chimene ndimakana ndi draw ya kutopa, ya njala, kapena yoganizira minibasi ya ku Chilomoni kusanade. Zimenezi zimakonzedwa masewero asanayambe: idyani mopepuka masana, tengani madzi ndi nthochi kapena mtedza, ndipo konzani za ulendo wobwerera m'mawa momwe. Draw yopangana masewero asanayambe, kuti awiri agawane mphotho, ndiye musayerekeze n'komwe. Arbiter angathe kukupatsani 0 nonse awiri, ndipo mbiri yotero imamatirira. Onaninso malamulo a mpikisano uliwonse, chifukwa okonza amaloledwa kuletsa kugwirizana draw musanafike pa kusuntha kwakutikwakuti.

Popeza mwalowa m'mipikisano, dziwaninso ma draw amene sadalira kugwirizana, chifukwa kumeneko ndi kumene osewera ongoyamba amataya mapointi ambiri. Loyamba ndi kubwereza. Zida zikaima chimodzimodzi katatu, wosuntha ali yemweyo, ndipo ufulu wa castling (kusuntha mfumu ndi rook pamodzi) ndi en passant (kadyedwe kapadera ka pawn) uli chimodzimodzi, amene ili nthawi yake yosuntha angapemphe draw. Sikofunika kuti katatuko kakhale kotsatizana, ndipo chimene chimawerengedwa ndi kaimidwe ka zida, osati kusuntha kobwerezedwa. Kapemphedwe kake ndi pamene ambiri amagwa. Ngati kusuntha kwanu ndiko kubweretse kaimidweko kachitatu, musagwire chida. Lembani kusunthako pa pepala, imitsani wotchi, itanani arbiter, mumuuze kuti mukufuna kusewera zimene mwalembazo. Mukasuntha kaye n'kudina wotchi, mwayi wapita kwa mnzanu, ndipo iye ngati akufuna kupambana adzangosewera china. Mukapempha molakwika, mnzanuyo amawonjezeredwa mphindi 2 pa masewero aatali, ndipo inu mumakakamizika kusewera chimene munalemba. Arbiter sangakupemphereni pa kachitatu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye amalowererapo yekha kaimidweko kakabwera kasanu. Macheki osatha alibe lamulo lawolawo, amathera m'lamulo lomweli.

Lachiwiri ndi la kusuntha ka 50: aliyense akasuntha ka 50 popanda pawn kuyenda ndiponso popanda kudya, mungapemphe draw mwa njira yomweyi, ndipo pa 75 arbiter amathetsa yekha. Pawn ikangoyenda kapena chida chikadyedwa, kuwerenga kumayambiranso. Zimene ena amachita pa masewero a pakhonde, zowerengera mfumu yotsala yokha kusuntha kochepa n'kunena kuti yapulumuka, m'malamulo a FIDE mulibe. Ka 50 n'kokwanira kwa wodziwa: mfumu ndi mfumukazi zimamaliza mosapitirira kusuntha ka 10, mfumu ndi rook ka 16, bishopu ndi kavalo ka 33. Akavalo awiri okha sangakakamize checkmate pa mfumu yotsala yokha, ndipo bishopu mmodzi kapena kavalo mmodzi kulimbana ndi mfumu yokha ndi draw nthawi yomweyo.

Stalemate ndiyo imaliritsa kwambiri, chifukwa imagwera amene wapambana kale. Mfumu ya mdani ili pa h8, inu n'kuika mfumukazi pa f7 kapena pa g6 poganiza kuti mukuifinya. Ilibe cheki, ilibe kopita, ndipo ngati alibe chida china chosuntha masewero atha. Mankhwala ake ndi osavuta. Mfumu ikalowa pakona, ikani mfumukazi pa g5 n'kuisiya pomwepo, kuti mfumuyo izingoyenda pakati pa h8 ndi h7. Bweretsani mfumu yanu mpaka pa f7, ndipo ikakhala pa h7 mumamaliza ndi mfumukazi pa g7. Nthawi iliyonse mdani akatsala ndi zida zochepa, musanasiye chida m'manja dzifunseni kuti iye asuntha chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wotchi nayo ili ndi draw yake. Nthawi yanu ikatha mumaluza, kupatula ngati mnzanuyo sangathe kukupatsani checkmate mwa njira ina iliyonse yololedwa, ngakhale inu mutasewera moipitsitsa. Akatsala ndi mfumu yokha, ndi draw. Koma akatsala ndi kavalo, inu muli ndi pawn, mungaluze, chifukwa checkmate ndi yotheka: mfumu yanu pa a8, pawn yanu pa a7, mfumu yake pa c8, kavalo pa c7. Mawebusayiti ena amagamula mosiyana pa nkhani imeneyi, choncho musatengere za pa intaneti kupita nazo pa bolodi.

Choti muchite tsopano ndi ichi. Pezani mnzanu wa msinkhu wanu pa masewero, ikani zida monga zinalili tsiku lija, wotchi pa mphindi 7 ndi masekondi 30, musewere ka 10, kasanu ndi zoyera, kasanu ndi zakuda. Mbali ya zakudayo musayinyoze, chifukwa tsiku lina ndinu amene mudzakhale ndi atatu. Onjezerani mathero ena atatu. Oyamba ndi odziwika ndi dzina la Philidor, wosewera wakale wa ku France: zoyera mfumu pa d5, pawn pa e5, rook pa h7, zakuda mfumu pa e8, rook pa a6. Rook yakuda imadikira pa mzere wachisanu ndi chimodzi mpaka pawn itafika pa e6, kenako imathamangira pa a1 n'kumapereka macheki kuchokera kumbuyo, ndipo mfumu yoyera imasowa pobisala. Achiwiri ndi mfumu ndi pawn: zoyera mfumu pa e5, pawn pa e6, zakuda mfumu pa e7 ndipo ndi nthawi yake. Kubwerera molunjika pa e8 ndi draw, chifukwa mfumu yoyera ikapita pa d6 yakuda imaima pa d8, pawn ikapereka cheki pa e7 imabwerera pa e8, ndipo mapeto ake ndi stalemate. Kubwerera pa d8 kapena f8 ndi kuluza. Achitatu ndi bishopu wolakwika: pawn ya pa h imakasanduka mfumukazi pa h8, kabokosi kakuda, choncho ngati bishopu wanu amayenda pa timabokosi toyera ndipo mfumu ya mdani yafika pakonapo, simungayichotse. Wodziwa zimenezi amadziwa zida zoyenera kudyerana kalekale mathero asanafike.

Pa nkhani ya malamulo masewero ali mkati, thandizo lanu ndi arbiter ndipo nthawi yomuitana ndi yomweyo, osati mutasayina kapena mawa lake. Musafunse anzanu oonerera, chifukwa kulandira malangizo n'koletsedwa. Ngati simunakhutire ndi chigamulo chake, mipikisano yambiri imalola kuchita apilo, koma nthawi yake imakhala yochepa, choncho funsani ndondomeko yake ndime yoyamba isanayambe. Mphunzitsi kapena wosewera wamphamvu mumufune mukaona kuti zimenezi zikubwerezabwereza. Tengani mapepala a masewero anu 20 omaliza, muwerenge kuti ndi angati amene munavomera draw muli ndi chida kapena pawn yoposa. Akaposa atatu, vuto lili pa mathero ndipo munthu wokhala nanu pa bolodi adzalipeza msanga kuposa foni. A Chess Association of Malawi kapena okonza mpikisano uja angakulozereni makalabu ndi aphunzitsi a kuno ku Blantyre.

Popita kwa mphunzitsiyo mutenge pepala la masewero omwewa, ndipo musayambire pa mathero. Bwererani mpaka pamene bambo aja anakankha pawn yawo kufika pa h5, muone ngati kusuntha kumodzi kapena kuwiri m'mbuyo mwake munali ndi mpata woika yanu pa g4.